Mpeni wosasenda ndi chinangwa chomwe, bwanji ukudula chonchi?

Pamsika mpeni amauyesa ndi ntchito yake. Wa butchala amafuna umene sungabenthuke ukakumana ndi fupa. Mayi wokazinga chipisi amafuna wopyapyala, wosenda mbatata popanda kutaya mnofu wambiri. Bambo woyenda ndi Okapi m'thumba amangofuna kuti ukapindidwa usamung'ambire thalauza. Onsewa akamanenerera mtengo, maso awo amakhala pa ntchito imene mpeniwo ukagwire kunyumba kapena pabenchi.

Koma kunja kuli msika wina kumene lamuloli siligwira. Ku America, ku Britain, ku Germany ngakhalenso ku South Africa kuli anthu amene amagula mipeni kuti azingoisunga, monga ena amasungira masitampa kapena ndalama zachitsulo zakale. Pakati pa mipeni imene amailimbirana pali mtundu umene pa Chingerezi amautcha dagger: mpeni wowongoka, wansonga ngati mkondo, wakuthwa konsekonse. Yamakono amaigulitsa ndi dzina lakuti tactical, kutanthauza kuti anaipangira msilikali.

Mpeni wotere kukhitchini ndi wachabechabe. Ulibe msana wobuntha poti munthu aikepo chala chachikulu akamasenda, ndipo akayesa, chalacho ndicho chimasendeka. Pakati pake ndi pochindikala, choncho sulowa bwino m'nyama kapena mu anyezi. Nsonga yake sichedwa kuthyoka. Komatu watsopano wochokera ku kampani zodziwika za ku America, monga umene katswiri Bill Harsey anajambulira kampani ya Spartan Blades ya ku North Carolina, umagulidwa ndalama za m'dera la madola 400. Wakale weniweni wa m'chaka cha 1941 umafika mapaundi masauzande angapo pa okushoni.

Ndiye wamalonda ayenera kufunsa: ndalama zonsezi anthuwa akulipira chiyani? Otsatsa malonda amayankha kuti akulipira chitsulo chapamwamba ndi mbiri ya nkhondo. Yankholi ndi lokoma kumva, koma woika mpamba wake pa yankho limeneli adzalira nalo. Zimene zimasunga mtengo wa mpeni wotere ndi ziwiri basi: luso la amene anaupala, lomwe limaonekera pa mzere wapakati, ndi umboni wakuti unachokeradi kumene wogulitsa akunena. Zina zonse ndi utoto.

Mbiri ya nkhondoyo ndi yoona, ndipo wogulitsa ayenera kuidziwa chifukwa ogula amaidziwa pamtima. William Fairbairn ndi Eric Sykes anagwirapo ntchito ndi apolisi a mumzinda wa Shanghai ku China nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanabuke. Atabwerera ku Britain anapatsidwa ntchito yophunzitsa asilikali a gulu la Commando, ndipo mu November 1940 anapita ku kampani yosula malupanga ya Wilkinson Sword ku London ndi maganizo a mpeni watsopano. Kuyambira 1941 mpeni wa Fairbairn-Sykes unayamba kutuluka, chitsulo chake chotalika masentimita pafupifupi 17, chowonda ndi chosongoka. Mipeni yambiri ya asilikali ya mtunduwu imene inabwera pambuyo pake ndi zidzukulu zake. Mu 1942 kampani ya Case inapanga wotchedwa V-42, wa gulu lapadera la asilikali a America ndi Canada, ndipo kampani ya Camillus inapanga wina wa gulu la Marine Raiders, wofanana kwambiri ndi wa ku Britain uja.

Chimene otsatsa sakonda kunena ndi chakuti eni ake, asilikaliwo, anali ndi madandaulo. Msilikali amatsegula zitini ndi mabokosi kambirimbiri kuposa mmene amagwiranirana ndi mdani, ndipo pa ntchito zoterozo nsonga zinkathyoka. Chigwiriro chozungulira chinkatembenuka m'dzanja, moti mumdima munthu sankadziwa kumene kukuthwa kwaloza. Chaka cha 1942 chisanathe, asilikali a Marine a ku America anasankha mpeni wina, wodziwika ndi dzina la Ka-Bar, wakuthwa mbali imodzi, wotha kudula chingwe, kusema chikhomo ndi kutsegula chitini. Rex Applegate, amene anagwirapo ntchito ndi Fairbairn, pambuyo pake anatulutsa dagger wa chitsulo chotambalala ndi chigwiriro chaphwatalala pofuna kukonza zolakwazo, ndipo kampani ya Böker ya ku Solingen ku Germany ndiyo inadziwika nawo kwambiri. Choncho ngati osunga mipeni akanakhala kuti amalipira ntchito, dagger akanakhala kumunsi kwenikweni kwa mndandanda wa mitengo.

Chinsinsi chili m'kapalidwe. Mpeni wamba uli ndi nkhope ziwiri zopalidwa, ndipo msana umabisa zolakwa. Wosula akapala mbali imodzi mopyola pang'ono, palibe amene angaone, mpeniwo udzadulabe tomato. Dagger ali ndi nkhope zinayi, ziwiri kuno ziwiri kuseri, ndipo ziwiriziwirizo zimakumana pa mzere umodzi woyambira pa chigwiriro kukafika kunsonga. Mzere wa kuno uyenera kugona ndendende pamwamba pa mzere wa kuseri. Nsonga ikhale pakati penipeni, osapendekera kumanja kapena kumanzere. M'mbali mwakuthwamo mukhale mofanana ngati munthu ndi chithunzi chake pagalasi. Palibe pobisala.

Dzanja likanjenjemera kamodzi pa lamba wa makina onolera, mzere uja umakhota ngati podutsa njoka. Kuti auwongole, mmisiri ayenera kupala nkhope inayo kuti ifanane ndi yolakwikayo, kenako atembenuze mpeni ndi kupala ziwiri za kuseri, ndipo mpeniwo umanka nuwonda mpaka kutsala ngati chisongole. Akaupulumuka pamenepo pali moto. Chitsulo amachiwotcha mpaka kufiira kenako n'kuchiziziritsa mwadzidzidzi kuti chiume, ndipo ngati mbali ina inali yochindikala kuposa inzake, chimapindika. Kunsonga, komwe ndi kopyapyala, kumatentha msanga kuposa kwina konse ndipo kumatha kupsa. Ntchito ya sabata yathunthu imatha kutayika m'mphindi imodzi.

Amisiri eni ake amavomereza zimenezi m'malamulo awo. Bungwe la American Bladesmith Society, limene linakhazikitsidwa mu 1976 motsogozedwa ndi Bill Moran, limapereka dzina la Master Smith kwa wosula amene wapambana mayeso. Pa mipeni isanu imene amaika pamaso pa oweruza, umodzi uyenera kukhala dagger wa chitsulo chosanjikiza chotchedwa Damascus, wokhala ndi chotchinga dzanja chopingasa. Sanasankhe mpeniwu chifukwa oweruzawo amakonda nkhondo. Anausankha chifukwa ndiwo umaulula msanga mmisiri wongoyerekeza.

Masiku ano nkhaniyi yasintha pang'ono. Mafakitale ambiri amapala mipeni ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo makinawo sanjenjemera. Mzere wowongoka umene kale unali chizindikiro cha katswiri tsopano umapezeka ngakhale pa mpeni wa mtengo wapakatikati. Izi sizinaphe lamuloli, zangolikhwimitsa. Dagger wodula wa kufakitale wokhala ndi mzere wokhota alibe chodzikhululukira, ndipo osunga mipeni samuyang'ana kawiri. Wopalidwa ndi dzanja, amene wafika pa kuwongoka kwa makina, ndiye amene mtengo wake umakwera, chifukwa wogula amadziwa kuti pali ena atatu amene anatayidwa m'ndowa kuti uyu atuluke.

Diso la wodziwa limapita malo ochepa. Amaunyamula mpeni n'kuuloza ku kuwala, n'kuyang'ana kuchokera kunsonga ngati kalipentala poyesa thabwa. Amayang'ana pamene nkhope zinayi zija zimathera pafupi ndi chigwiriro, kuti zonse zathera pamalo amodzi kapena ina yatsogola. Amayang'ana ngati pali kampata pakati pa chitsulo ndi chotchinga dzanja, poti kampata kotere ndi khomo la chinyezi ndi dzimbiri. Amauika pa chala kuti aone pamene ukulemerera, ndipo wabwino umakhazikika pafupi ndi chotchinga dzanjacho. Pomaliza amaulowetsa m'chimake. Zimake zambiri zamakono ndi za pulasitiki yolimba yotchedwa Kydex, imene amaiumba pa mpeni womwewo ili yotentha, ndipo mpeni uyenera kulowa ndi kugwira osagwedera. Zigwiriro za Micarta, yomwe ndi nsalu yosanjikiza youmitsidwa ndi ulimbo wa kufakitale, kapena G10, yomwe ndi ulusi wa galasi woumitsidwa chimodzimodzi, siziola, sizifufuma ndi madzi, ndipo zikasemedwa bwino siziterera m'dzanja la thukuta. Apa amakono anawaposadi akale. Zigwiriro za mipeni ya Camillus ija zinali za chitsulo chosakaniza ndi zinc, ndipo lero zambiri zinang'aluka ndi kuyoyoka zili m'kabati.

Nanga chitsulo chapamwamba chija? Chilipodi, ndipo sichonyozeka. Kampani ya Crucible ya ku Syracuse ku New York inatchuka ndi njira yosungunula chitsulo, kuchisandutsa ufa wosalala, kenako n'kuupanikiza pa moto kuti ukhalenso chitsulo chimodzi chopanda madera ofooka. Mmodzi mwa amene anathandiza kupanga zitsulo za mipeni mwa njirayi ndi Chris Reeve, mmisiri wobadwira ku Durban amene anasamukira ku Boise m'chigawo cha Idaho mu 1989. Chitsulo cha S35VN, chimene chinatuluka mu 2009, chili ndi dzanja lake. Chimasunga kuthwa nthawi yaitali ndipo sichichita dzimbiri msanga. Kwa mlenje kapena wophika, chimenechi ndi chuma.

Koma mpeni umene ukakhale m'kabati ya galasi moyo wake wonse sudzayesa kuthwako ngakhale tsiku limodzi. Ndipo mayina a zitsulo ali ngati masitayilo a nsapato. Panali nthawi imene 440C ndiye anali mfumu, kenako ATS-34, kenako S30V, kenako S35VN, ndipo kuyambira 2021 aliyense akufunsa MagnaCut, chitsulo chimene anatulukira Larrin Thomas. Amene analipira ndalama zowonjezera chifukwa cha zilembo za pa chitsulo amapeza kuti patatha zaka zochepa ogula akuti ndi chakale. Choipa kwambiri, zilembozo aliyense wokhala ndi makina a laser atha kuzilemba pa chitsulo cha sipuni. Mzere wapakati ndiye sulembeka.

Pali nkhani imodzi imene imaoneka ngati ikutsutsa zonsezi, ndipo ndi yofunika kwa wamalonda. Mu 1966 kampani ya Gerber ya ku Portland inayamba kupanga dagger wotchedwa Mark II, amene anamujambula ndi Bud Holzman, kaputeni wopuma wa asilikali. Oyambirira anawapanga mwadala ndi chitsulo chopendekera madigiri 5 kuchokera pa chigwiriro. Ogula ambiri ankaona ngati mpeniwo ndi wopindika, n'kumaubweza, mpaka kampaniyo inasiya kupendeketsako. Lero opendekerawo ndiwo osowa, ndipo osunga mipeni amawalipira kuposa owongoka a pambuyo pake. Wosadziwa atha kuugulitsa mtengo wotaya poganiza kuti ndi wolumala, kapena kuyesa kuuwongola ndi hamala. Komatu nkhaniyi sikutsutsa kanthu. Kupendekako kunali kwadala, ndipo chimene chimatsimikiza kuti ndi kwadala ndi nambala imene Gerber ankadinda pa mpeni uliwonse, yomwe imasonyeza nthawi imene unapangidwa. Apa ndi pamene chinthu chachiwiri chija, umboni, chimalowera.

Pa mipeni ya Fairbairn-Sykes kusiyana kwa mtengo ndi kwakukulu moti achinyengo sangagone. Ya mtundu woyamba, yokhala ndi chotchinga dzanja chokhota ngati chilembo cha S ndi kachigawo kosapalidwa pafupi ndi chigwiriro pamene panalembedwa dzina la Wilkinson, inapangidwa kwa miyezi yochepa chabe mu 1941. Ya mtundu wachitatu, ya chigwiriro cha mizere yozungulira, inapangidwa yambirimbiri ndi makampani osiyanasiyana, ndipo mpaka lero ku Sheffield akuipangabe yatsopano pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 100 kapena kucheperapo. Munthu wosakhulupirika amagula watsopano, n'kuukwirira m'dothi lonyowa milungu ingapo, n'kuutulutsa ndi nkhani yakuti unali wa agogo ake amene anamenya nkhondo ku Burma. Nkhani sigulidwa. Chithunzi cha agogowo, kalata, nambala yawo ya usilikali, ndizo zimagulidwa. Osunga mipeni amadziwanso kuti mawu akuti ENGLAND odindidwa pa chotchinga dzanja kawirikawiri amasonyeza mipeni yotsala imene inagulitsidwa ku America nkhondo itatha, poti malamulo a kumeneko ankafuna dzina la dziko lochokera. Mpeniwo utha kukhala weniweni, koma nkhani ya agogo ija imayamba kutsimphina.

Yamakono nayo ili ndi mapasa ake abodza. Pa intaneti pamapezeka mipeni yokhala ndi dzina la kampani yodziwika pa mtengo wosafika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a weniweni. Wogulitsa akati ndi mwayi, wogula adziwe kuti mwayiwo ndi wa wogulitsayo. Weniweni amabwera ndi bokosi lake, ndipo amisiri ambiri amaikamo kakhadi kosonyeza tsiku ndi chitsulo. Bokosi ndi kakhadiko si zinyalala, ndi gawo la mtengo.

Cholakwa chimene chimapha ndalama zambiri ndi chochokera m'mtima wabwino. Munthu wozolowera kuti katundu wowala ndiye amayenda malonda amatenga mpeni wakale, n'kuukwecha ndi sandipepa, n'kuunola pamwala mpaka kumeta nawo tsitsi la pamkono. Akatero wachotsa zilembo zosaoneka bwino zija, wachotsa mtundu wakuda wa kufakitale, ndipo wakhotetsa mzere wapakati. Mpeni wa mapaundi masauzande wasanduka wa makumi. Wakale amangoupukuta ndi kansalu ka mafuta pang'ono. Sausunganso m'chimake cha chikopa, chifukwa chikopa chimakoka chinyezi n'kudyetsa chitsulo dzimbiri.

Kodi ndi malonda oti munthu aikepo mpamba kuti upindule? Pa mipeni ya kufakitale yomwe ikupangidwabe, ayi. Ikatuluka m'sitolo mtengo umatsika ngati wa foni. Imene imasunga mtengo ndi ya amisiri amene sangakwanitse ogula onse, monga a Randall a ku Orlando ku Florida, kumene woitanitsa mpeni amadikira zaka zingapo, ndi yakale imene sidzapangidwanso. Ngakhale imeneyo imafuna wogula wodziwa, ndipo ogula otere amapezeka m'ziwonetsero monga Blade Show ya ku Atlanta imene imachitika chaka ndi chaka m'mwezi wa June, osati pamphambano.

Kenako pali lamulo, limene limatha kudya mpamba wonse tsiku limodzi n'kuwonjezapo unyolo. Izi zikukhudza makamaka abale okhala ku Britain ndi ku South Africa amene amaona mipeniyi m'masitolo n'kuganiza zotumiza kapena kunyamula m'chikwama. Ku England ndi Wales, lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limaletsa kuyenda ndi mpeni pagulu popanda chifukwa chomveka, kupatula kampeni kopinda kosakiya kosapyola mainchesi atatu, ndipo kunena kuti ndi wodzitetezera si chifukwa chomveka kumeneko. Dagger wa mtundu wogwira ngati chibakera, wotchedwa push dagger, ndi woletsedwa ngakhale kumusunga m'nyumba. Ku South Africa kuli lamulo la Dangerous Weapons Act la 2013. Ku California kubisa dagger m'zovala ndi mlandu. Wofuna kudutsa nawo malire aliwonse ayambe wafunsa apolisi ndi a msonkho asanalipire, osati katundu atagwidwa kale.

Ena anganene kuti nkhani yonseyi ndi yonyansa, kuti munthu wanzeru sangayamikire chinthu chimene chinapangidwira kubaya munthu mnzake. Mawuwa ali ndi kulemera kwake, makamaka kwa amene anagonapo ndi mantha a mbava za zikwanje. Dagger sanganamizire kukhala china chilichonse, ndipo otsatsa amene amamuveka zigaza ndi mayina oopsa kuti akope anyamata akuchita malonda auve. Koma mbava sigula mpeni wa madola 400 wokhala ndi nambala ndi kakhadi, imatola wa kukhitchini. Wosunga mipeni weniweni amafanana kwambiri ndi wosunga mawotchi: amakhala usiku ndi galasi lokulitsira zinthu, kuyang'ana ngati nkhope zinayi zathera pamodzi. Udindo wa wogulitsa ndi kudziwa kuti amene waima pamaso pake ndi uti mwa awiriwa, ndipo akakayika, asagulitse.

Phunziro la msikawu limene lingafike pafupi ndi la osula a m'misika, amene amasula makasu, nkhwangwa ndi mipeni kuchokera ku sipuling'i ya galimoto. Chitsulo cha sipuling'i, cha mtundu wa 5160 ndi abale ake, amisiri otchuka a kunja amasulira mipeni yodula, choncho vuto si chitsulo. Kusiyana kuli pa maola amene amathera pa tupa ndi sandipepa mpeni utachoka pamoto, pa chigwiriro chogwira popanda kampata, ndi pa chizindikiro cha mmisiri chodindidwa pa chitsulo. Ku South Africa bungwe la Knifemakers' Guild of Southern Africa, limene linayamba mu 1980, linakweza amisiri ake ndi zomwezi, kuwayesa ntchito asanawalandire. Wosula wa pamsika safunika kupanga dagger kuti apindule nazo. Mpeni wa kukhitchini wopalidwa mofanana mbali zonse, wokhala ndi chigwiriro cha mlombwa chosalala ndi dzina la mwini, uli kale ndi ogula m'mahotela ndi pakati pa alendo.

Kwa amene wapatsidwa chithunzi cha dagger pa WhatsApp ndi mtengo wake, pempho loyamba lisakhale lakuti amuchotsereko. Apemphe zithunzi zitatu: chimodzi chojambulidwa kuchokera kunsonga mpeni utaloza kamera, china cha pamene chitsulo chikumana ndi chotchinga dzanja mbali zonse ziwiri, ndi chachitatu cha nambala pamodzi ndi bokosi. Wogulitsa katundu weniweni amatumiza zithunzizo tsiku lomwelo. Winayo amayamba kufotokoza za agogo ake a ku Burma.